Mbewa za ku Melbourne zandiyalutsa

Kuno ku Chifunde mbewa timazidziwa ndi khasu ndi utsi. Tikatha kukolola timafukiza una, kapuku n'kugwera mumphika wamchere. Palibe adayamba wafunsa mbewa yaimuna ngati idadwalapo isanakwatire.

Akatswiri a ku Melbourne, m'dziko la Australia, adafunsa. Mu 2020 adalengeza zomwe adapeza atapatsira mbewa zazimuna kachirombo ka Toxoplasma, kaja kamafala ndi chimbudzi cha mphaka. Thupi litayamba kulimbana nako, umuna udachepa, wina n'kupunduka, ndipo timauthenga ta RNA tomwe umunawo umanyamula tidasintha. Ana adabadwa opanda kachiromboko, koma mantha awo ndi kukumbukira kwawo zidasiyana ndi za anzawo. Mpaka adzukulu.

Nkhaniyi adabwera nayo alamu anga a ku Cassacatiza, ndipo adaiwerenga pafoni mokweza, mayi akunyumba akupeta mphale pafupi. Alamu alibe chisoni ndi mkamwini.

Tsono ine ndakhala ndikulengeza pamudzi pano kuti ana anga amaiwala mbuzi kudambo chifukwa adatengera kuchikazi. Chonsecho dzinja lililonse malungo amandigwetsa ndine, ndimanjenjemera mpaka mphasa kuyenda yokha, kuchipatala ndimapita atandikweza panjinga ngati thumba la fodya. Neti yomwe tidalandira ndidafunditsa anapiye, poti iwo ndiwo amagulika.

Alamu adathira mchere pabala. Akuti mbewu ya bambo imatenga masiku pafupifupi 74 kuti ikhwime, ya mbewa 35 okha, ndipo thupi likatentha kwambiri mbewuyo imachepa kwa milungu ingapo mwini wake atachira kale. Pamenepo lichero lidaima. Mayi adayamba kuwerenga ndi zala miyezi ija azakhali anga ankawamwetsa mizu yowawa, amvekere mimba ikuchedwa chifukwa cha iwo.

"Bambo a ana, mwamva?"

Ndidayankha mwaulemu kuti kafukufukuyo adachitika pa mbewa, ndipo za mbewa sizingangolumphira kwa munthu. Pamenepa akatswiri eni ake akhoza kundiikira kumbuyo.

"Zoona," adatero mayi. "Koma mmene mumazidyera, theka la inu ndi mbewa."

Madzulo omwewo neti idachapidwa n'kukolekedwa kuchipinda, ikununkhabe zitosi. M'mawa mwake kabawi adanyamula mwanapiye, ndipo mlandu umenewonso akuti ndi wanga.