Mvula, mbozi ndi repu wa kuseri kwa nyumba

Januwale akafika mu Blantyre, nkhani za ndale zimayamba zapuma. Pa mpopi ku Bangwe, m'minibasi ya ku Chilomoni, ngakhale pakhomo la tchalitchi mapemphero akatha, anthu akukamba za kadimba ka kuseri kwa nyumba. Aliyense ali ndi dandaulo lake, komanso aliyense akudziwa mankhwala a dimba la mnzake.

Nkhani yaikulu ndi ya tomato. Amayi amene anali kugawira aneba tomato mu Okutobala pano akuima mu msika wa Limbe, kuyang'ana kamulu ka tomato anayi, kufunsa mtengo kawiri, kenako kuyang'ana kumwamba. Wogulitsa akungoti, "Mayi, ndi mvula. Ku Bvumbwe ndi ku Ntcheu komwe wapserera." Ndipo sakunama. Chinyontho chikachuluka, chiwawu chimagwira tomato, masamba amada ngati awauka ndi moto, zipatso n'kuwolera pamtengo. Pa mpopi ena akuti vuto ndi mbewu za masiku ano, ena akuti pali munthu wa mtima woipa anadutsa m'dimbamo m'mamawa. Agogo ena amene alima tomato kuyambira kale angowamvera, kenako n'kufunsa ngati tomatoyo anamuimika ndi timitengo, ngati anathothola masamba a m'munsi, ngati anayala udzu pansi kuti madontho a mvula asamathovutsire dothi pamasamba. Onse anangoti zii, wina n'kuyamba nkhani ya sukulu fizi.

Mlandu wina umene wavuta ndi wa mbande zodulidwa usiku. Bambo wina wa ku Ndirande anawokera repu madzulo, m'mawa n'kupeza theka lagona pansi, lodulidwa patsinde penipeni. Nkhuku za aneba zinazengedwa mlandu pomwepo, moti moni wa m'mawa anasowa kwa masiku angapo. Mwana wa pakhomopo ndiye anafukula dothi ndi kamtengo pafupi ndi mbande yodulidwayo, n'kutulutsa mbozi yotuwa, yonenepa, itadzipinda. Imadya usiku, masana imabisala m'dothi. Nkhukuzo zikanaloledwa kulowa m'dimba mbande zisanawokeredwe, bwenzi zitaitola kale. Akuti moni wabwerera, koma kupepesa sikunamveke.

Nkhono nazo zatuluka, zikusiya kanjira konyezimira pa tchaina. Apa anthu sagwirizana: a phulusa akuti zungulizani bedi lonse, a tochi akuti tulukani usiku muzitole pamanja, popeza phulusa likanyowa ntchito yake yatha. Ine ndili ndi a tochi. Anunkhadala akungodya chigwada mosatekeseka, chifukwa ngakhale nkhuku imawasiya.

Pali adani ena awiri amene agogo athu sanawadziwe. Kambozi ka Tuta absoluta, kochokera ku South America, kamalowa m'kati mwa tsamba la tomato n'kumadya kali momwemo, mankhwala opopera osakafika bwino. Mdani winayo ndi ntchemberezandonda zachilendo zija, zimene zinavuta mpaka mu Disembala 2017 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti maboma 20 ali pa ngozi. Mizere iwiri ya chimanga chootcha ya kuseri kwa bafa nayo siziisiya. Apa ndiye nzeru zatuluka. Ena akuthira dothi kapena mchenga m'kati mwa nsonga ya chimanga, ena phulusa, ena akuthira msuzi wa usipa kuti nyerere zibwere zidzagwire mbozizo. M'minibasi ina bambo wina anakana kwamtuwagalu: usipa wakwera mtengo chonchi, msuzi wake upite kwa chimanga iye akudya nsima ya mchere? Minibasi yonse inafa ndi phwete, kondakitala mpaka kuiwala chenji.

Za nimu, tsabola, adyo, ombwe ndi madzi a sopo zikukambidwa paliponse, ndipo pa nsabwe za m'masamba zimathandizadi, makamaka mvula ikadukiza n'kuwomba dzuwa, nthawi imene nsabwezo zimaswana. Chimene sichindiseketsa ndi timabotolo topanda dzina togulidwa m'mbali mwa msewu. Munthu apopera repu Lachisanu, mvula itsuka madzulo, apoperanso Loweruka mowirikiza mlingo, Lamulungu n'kuthyola ndiwo za ana. Mankhwala ovomerezeka amakhala ndi chikalata chonena mlingo komanso masiku odikira musanakolole, ndipo masikuwo sanawalembe pongodzaza pepala.

Ena mbozi sizinawapeze, koma madzi. Amene anafesa pamalo osalala, monga ankachitira m'chilimwe, apeza mbande zitawola m'khosi pa nazale, zotsalazo zachita chikasu chifukwa mvula yakokolola chakudya cha m'nthaka. Amene anakweza mabedi n'kukumba kangalande akuyenda monyadira. Mnyamata wina wa ku Zingwangwa wadzala anyezi ndi mpiru m'matumba a simenti n'kuwaika pansi pa khonde, ndipo amene ankamuseka mu Novembala pano akumupempha matumba.

Koma amene akusangalala kwambiri ndi amayi amene sanadzale kalikonse. Bonongwe wamera yekha pa dzala, chisoso chadzaza m'mphepete mwa mpanda, luni ndi denje zili m'mizere ya chimanga, nkhwani wayanga mpaka padenga la khitchini. Palibe anapopera, palibe anatuluka ndi tochi. Mayi wina wa ku Machinjiri, amene chaka chonse amanenedwa kuti salambula pakhomo, pano akumanga bonongwe m'timitolo n'kumagulitsa kwa omwe aja analimira wawo n'kumutaya kudzala pofuna malo a kabichi. Akuti otendera ndi nsinjiro amakoma ngakhale popanda tomato, ndipo nsinjirozo akugulitsanso ndi iwo omwe.