Khalani dokotala wa pabanja panu osavutika ndi sukulu

Anthu ena amakonda kudzizunza. Amapita ku Blantyre, ku sukulu ya zaudokotala ija inatsegulidwa mu 1991, imene lero ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, n'kukakhala kumeneko zaka zosachepera zisanu akuloweza mayina a mafupa ndi kuonda ndi mayeso. Akamaliza amavala chovala choyera n'kuyamba kuyankhula zokhumudwitsa monga zakuti tiyeze kaye magazi. Inu musadzivute choncho. Banja lililonse lili ndi mpando wa dokotala, ndipo amakhalapo ndi amene wayambirira kuyankhula. Zofunika ndi zitatu basi: mawu okweza, foni yokhala ndi WhatsApp, ndi nkhani ya munthu wina wa kwanu amene anachira atamwa zimene mukunenazo. Munthuyo asakhale ndi dzina. Ngati anamwalira kale ndiye bwino kwambiri, chifukwa sangabwere kudzakutsutsani.

Lamulo la ntchitoyi ndi limodzi, ndipo muliloweze. Wodwala akachira, wachira ndi mankhwala anu. Akapanda kuchira, alipo amene walakwa, ndipo si inu. Zotsatirazi ndi njira chabe zogwiritsira ntchito lamuloli, kuyambira kwa amene sanabadwe mpaka kwa agogo.

Yambani ndi woyembekezera

A chipatala amafuna mayi ayambe sikelo miyezi itatu yoyambirira isanathe, ndipo kuyambira mu 2016 bungwe la World Health Organization limalangiza kuti aonedwe kasanu ndi katatu asanachire. Inu muuzeni kuti pakati salengeza, adikire mpaka chitenje chitayamba kukana. Kusikelo angomuyeza kuchuluka kwa magazi, BP ndi HIV, n'kumupatsa neti, fansida woteteza ku malungo maulendo osachepera atatu, ndi timapiritsi towonjezera magazi. Zonsezi n'zaulere, ndipo chaulere chimachotsa ulemu wa dokotala wa pakhomo. Timapiritsito muuzeni kuti timakulitsa mwana m'mimba. Akayamba chizungulire ndi kuyera m'maso, nenani kuti atsikana a masiku ano ndi ofooka.

Mazira muletseni, chifukwa mwana adzabadwa wopanda tsitsi. Mazirawo apite kwa bambo wa pakhomo, amene dazi linawagwira kale ndipo alibe choluza. Akatupa mapazi ndi nkhope, mutu n'kumawawa, maso n'kumachita chidima, anamwino amati ndi chizindikiro choopsa cha kuthamanga kwa magazi ndipo athamangire kuchipatala tsiku lomwelo. Inu sekani n'kunena kuti ndi mapasa amenewo. Nkhani ya mapasa imakondweretsa aliyense, pomwe ya BP imafuna ndalama ya kabaza.

Boma linaletsa azamba kuchiritsa amayi mu 2007, ndipo m'midzi ina mafumu amalipiritsa mbuzi kapena nkhuku mayi akachirira pakhomo. Musadandaule. Mungathe kuthandizabe muli kutali pomumwetsa mwanamphepo kuti matenda afulumire. Anamwino amadana naye chifukwa palibe amene amadziwa mlingo wake, ndipo chiberekero chikakokedwa mopitirira muyeso chimatha kung'ambika. N'chifukwa chake mumulangize kuti akamufunsa ngati wamwa kanthu akane kwamtuwagalu. Zikavuta, mudzati ankakonda kuima pakhomo ali woyembekezera.

Mwana akabadwa, musamusiye ndi bere lokha

Apa ndi pamene luso lanu lidzaonekere, chifukwa khanda silitsutsa ndipo mayi wake watopa. Mkaka woyamba wachikasu uja a chipatala amautama kuti ndi umene umapatsa mwana chitetezo choyambirira. Inu uyang'aneni monyansidwa n'kulamula kuti aufinyire pansi. Kenako amati mwana ayamwe mwakathithi miyezi isanu ndi umodzi, osapatsidwa ngakhale madzi, poti mkaka wa m'mawere pafupifupi magawo 9 mwa 10 ndi madzi kale. Funsani mokweza kuti kodi munthu wamoyo angakhale bwanji osamwa madzi m'mwezi wa Okutobala. Palibe adzakuyankheni. Tungani a m'ndowa ija imakhala yosavundikira, mumumwetse ndi supuni.

Akakwana miyezi iwiri n'kulira usiku, ndi njala imeneyo. Mukonzereni phala lamadzimadzi la ufa woyera, loti likhoza kudutsa pa sefa. Likalowa m'mimba limalanda malo a mkaka, mwana amayamwa pang'ono, bere nalo limayamba kutulutsa pang'ono, ndipo pakatha mwezi mudzakhala ndi umboni woti munanena kale kuti mayiyu alibe mkaka. Miyezi isanu ndi umodzi ikakwana, pamene mwana akufunikadi phala lolimba la mgaiwa lothira nsinjiro, dzira, usipa wosinja kapena masamba, pitirizani ndi lamadzimadzi lomwelo. Alangizi a zaumoyo akayamba kuwerenga magulu asanu ndi limodzi a zakudya, auzeni kuti inu munakulira gulu limodzi ndipo muli moyo.

Akatsegula m'mimba, ndi mano. Mano ndi bwenzi lalikulu la dokotala wa pakhomo, chifukwa mwana amamera mano kwa zaka pafupifupi ziwiri, ndipo nthawi yonseyo palibe adzafunse za madzi a pachitsime, ntchentche kapena manja osasamba. Liwombo likalowa, a chipatala amati thupi latha madzi, mwana apatsidwe Thanzi ORS wosungunula mu lita imodzi ya madzi aukhondo, timapiritsi ta zinki kwa masiku 10 mpaka 14, ndipo ayamwe pafupipafupi. Inu matani mankhwala pamutu. Kuthira madzi kukamwa pamene vuto likuonekera pamutu n'kusowa nzeru. Muletsenso kumwa kalikonse kuti m'mimba muume.

Akayamba kutupa mapazi, tsitsi n'kufiira, mwana n'kumangonyong'onyeka, musatchule za kunyentchera, chifukwa mawu amenewo amafunsa za chakudya ndipo chakudyacho munakonza ndinu. Nenani kuti ndi tsempho. Ubwino wa tsempho ndi woti limasandutsa matenda kukhala mlandu: anthu amasiya kuyang'ana mwana n'kuyamba kufunsana kuti bambo anagona kuti Loweruka lija. Mlandu ukatha n'kupita naye kuchipatala, akapatsidwa chiponde, kumbukirani kuti mwana mmodzi sangadye yekha pakhomo pali anthu. Gawirani abale ake, ndipo china bambo apake pa buledi. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira, ndipo kupinimbira kumakhudza ndi ubongo womwe. Yankho lanu likhale lokonzeka: kwathu ndife aafupi, ngakhale agogo ake anali choncho.

Katemera ndi neti

Buku la kuchipatala lija lili ndi masiku ake: pobadwa, pa masabata 6, 10 ndi 14, kenako wa chikuku pa miyezi 9 ndi 15. Ndi maulendo ambiri kwa mwana amene sakudwala. Akalandira woyamba n'kutentha thupi usiku umodzi, itanani banja lonse lidzaone zimene jekeseni wachita. Musanene kuti kutenthako kumatha kokha. Wina akakumbutsa kuti mu Febuluwale 2022 ku Lilongwe kunapezeka mwana wodwala poliyo patatha zaka 30 matendawa asakuoneka m'dziko muno, kapena kuti mu Epulo 2019 Malawi linakhala dziko loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana, tulutsani foni. Mumveretseni uthenga wa mawu wochokera kwa munthu amene sanatchule dzina koma wayamba ndi kunena kuti iye ndi dokotala wa kunja. Uthenga umene watumizidwa kambirimbiri sungakhale wabodza, apo ayi anthu akanatopa nawo.

Neti ndi katundu wabwino kwambiri moti kumugonera n'kumuwononga. Amatchinga nkhuku kudimba la tomato, amateteza anapiye kwa kabawi, amayanika usipa, ndipo kunyanja amakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe. Udzudzu wofalitsa malungo umaluma kwambiri usiku, nthawi imene neti ali kalikiliki kulondera mpiru. Akakufunsani, nenani kuti neti amatentha ndipo amabweretsa nsikidzi. Mwana akatentha thupi n'kuyamba kukomoka, musataye nthawi ndi kuyezetsa malungo, kumene kumatenga mphindi zochepa chabe. Kukomoka ndi nkhani ya akuluakulu, ndipo mndandanda wa oganiziridwa muli nawo kale, kuyambira ndi gogo wa kuseri uja sapereka moni.

Sungani chitini cha mankhwala

Dokotala weniweni wa pabanja amakhala ndi chitini cha mabisiketi chodzaza mapiritsi opanda mapepala. Njira yodzazira ndi yosavuta: aliyense m'nyumba asamalize mankhwala. LA amamwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu, koma thupi limayamba kupepuka tsiku lachiwiri, ndiye otsalawo sungirani wina. Amokisilini ndi bakitilimu chimodzimodzi, ndipo muzipereka pa chimfine chilichonse, ngakhale a chipatala amati chimfine sichimva mankhwala amenewa. Amatinso kumwa mankhwala moperewera kumathandiza tizilombo kuzolowera. Dziko lino linasiya kolorokwini mu 1993 chifukwa malungo anali atasiya kumumva, ndipo mu 2007 fansida naye anapereka malo kwa LA pa chifukwa chomwecho. Musalole kuti mbiri imeneyi ithere pomwepo. Ndi khama la mabanja ngati lanu, LA naye tsiku lina adzapuma.

Mlingo wa mwana ndi theka la wa wamkulu, ndipo wa khanda ndi theka la thekalo, loyezedwa ndi dzino. Mapiritsi muziwadziwa ndi mtundu: ofiira ndi achikasu ndi amphamvu, oyera ndi a mutu. Panado akakana awiri perekani anayi, za chiwindi zidzaoneka patsogolo.

Agogo musawasiye m'mbuyo

Kafukufuku wa mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi ali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi sankadziwa n'komwe. Nthenda yabwino imeneyi, chifukwa simva kuwawa ndipo siitana anthu. Agogo akapatsidwa mapiritsi omwa tsiku ndi tsiku moyo wonse, dikirani mwezi umodzi. Akanena kuti akupeza bwino, lengezani kuti BP yatha ndipo asiye, asazolowere mankhwala. M'malo mwake muwakonzere adyo, jinja ndi mandimu. Mchere a zaumoyo amati usapitirire magalamu 5 pa tsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza wa m'ndiwo, wa m'nsomba zouma ndi wa pa kanyenya. Inu ikani mbale ya mchere pafupi ndi dzanja lawo, munthu wamkulu sapatsidwa ndiwo zozizira.

Akamamva ludzu losatha, kukodza usiku wonse, bala la kuphazi osapola, musaganize za shuga. Ndi ukalamba, ndipo mankhwala a ukalamba ndi tiyi wa masupuni anayi. Maondo akamawawa, bufeni m'mawa, masana ndi madzulo kwa chaka chonse, ngakhale amakanda m'mimba, kulemetsa impso ndi kukweza BP yomwe ija munaichiritsa. Tsiku limene adzadzuke pakamwa patapotoka, mkono ndi mwendo wa mbali imodzi zitafooka, musatchule sitiroko kapena mapiritsi aja munawasiyitsa. Kumbutsani anthu za mkangano wa malire a munda. Akayamba kuiwala mayina a zidzukulu ndi kusochera m'mudzi mwawo momwe, samalani kwambiri, chifukwa dokotala wa banja loyandikana nalo akhoza kuwaika pa mndandanda wake wa oganiziridwa, monga munachitira inu ndi gogo wa kuseri uja.

Dziwani abwenzi ndi adani anu

Ntchito yanu ikuyenda chifukwa muli ndi okuthandizani. Woyamba ndi mtunda wa kuchipatala. Wachiwiri ndi mzere woyamba m'bandakucha n'kutha dzuwa litapendeka. Wachitatu ndi zenera la mankhwala limene limayankha kuti atha, kaguleni. Wachinayi ndi wogwira ntchito wotopa amene amakalipira mayi pagulu chifukwa wabwera mochedwa. Mayi wokalipiridwa kamodzi amabwerera kwa inu, poti inu mumamupatsa mpando ndi kumutchula dzina. Muziwapempherera anayiwa kuti asasinthe.

Adani nawo alipo. Chenjerani ndi mlangizi wa zaumoyo wa panjinga amene amapachika sikelo pa mtengo wa mango n'kudziwa mwana aliyense m'mudzi. Chenjerani ndi Chipatala Cha Pa Foni, chimene munthu amangoimba kwaulere n'kufunsa zimene akanafunsa inu. Woopsa kwambiri ndi mtsikana wa Fomu 2 wa m'nyumba mwanu momwemo, amene wayamba kuwerenga zolembedwa pa paketi ya mankhwala ndi kufunsa kuti tsiku lothera ntchito ndi liti. Mutumeni kumadzi.

Pomaliza, tsiku lina mudzadwala inuyo. Apa musachite chibwana. Chitini chija musachikhudze, mukudziwa zimene zili m'menemo. Lawirirani ku chipatala cha kutali kumene sakukudziwani, yezetsani magazi, funsani mafunso onse, ndipo mankhwala mumwe mpaka piritsi lomaliza pa nthawi yake. Buku la kuchipatala mulibise pansi pa matiresi. Mukachira, itanani banja lonse n'kuwauza kuti ndi mandimu.