Zengerezu wa ku Chiromo ndi Nsapato Zake Zothamangira

Mwambi wakale wakuti "zengerezu adalinda kwawukwawu" umachenjeza munthu wokonda kukankhira mawa ntchito ya lero kuti mapeto ake amagwa m'mavuto ochita kukwawa nawo. Makolo pouponya ankaganiza za khasu ndi mvula yoyamba, koma masiku ano mwambiwu wapeza mwini watsopano, yemwe ndi munthu wotanganidwa amene achipatala anamulangiza kuti azichita masewera olimbitsa thupi, iye n'kuyankha mwaulemu kuti ayamba Lolemba.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azitakasa thupi, monga poyenda ndawala kapena kupalasa njinga, kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, pofuna kupewa matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, komwe ambiri amangoti BP. Ku Chiromo, kumene mtsinje wa Ruo umathira mu Shire, anthu ochuluka muyesowu amaupitirira Lachiwiri lisanathe, osadziwa n'komwe kuti ulipo. Chiyambire 1997, pamene madzi osefukira anadula njanji ndi msewu wopita ku Bangula, anyamata akhala akuwolotsa anthu, mbuzi ndi matumba a chimanga pa malo odukawo, otchedwa Mtayamoyo, ndi mphamvu ya mikono yawo, ndipo mayi amene amalawirira kudimba n'kubwerako atasenza mtolo wa nkhuni, mwana ali kumbuyo, sasowa mphunzitsi wa masewera.

Zengerezu wathu, kotero, si mlimi kapena msodzi, koma bwana wa mu ofesi kapena mwini golosale, amene amaweruka atatopa zedi ndi kukhala pansi. Zifukwa zake zinakonzedwa mwaluso moti zimakwanira chaka chonse popanda mpata. Mu Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha m'chigwa cha Shire muno kumatha kupyola madigiri 40, amati munthu wanzeru sathamanga. Mvula ikagwa amadandaula matope. M'mamawa makasitomala amakhala akudikira, pomwe madzulo ndi nthawi ya udzudzu ndi bawo. Za kusambira mu Shire amatchulapo ng'ona, ndipo pa mfundo yokhayi wofufuza aliyense wachilungamo ayenera kugwirizana naye. Nsapato zothamangira anagula ndithu pa kaunjika, atazipinda n'kuzigogoda kuti aone ngati zili zolimba, koma kuyambira tsikulo zili kunsi kwa bedi, kumene akangaude anazisandutsa nyumba zogona mwaulere.

Chochititsa chidwi kwambiri ndi mgwirizano wake ndi wakabaza, kutanthauza mnyamata wonyamula anthu pa njinga. Bwanayo amakhala pa khushoni, foni ili kukhutu, mimba itatsamira msana wa mnzake, n'kumalipira ndalama kuti thukuta limene dokotala analembera iye lituluke mwa munthu wina. Ndipo chifukwa chaka ndi chaka katunduyo amanka nalemera, wakabaza amanka nalimba, pamene wolipirayo akatsika amayamba wagwira bondo.

Tikaunika bwino, nthawi si imene ikusowa, pakuti kuyenda wapansi mphindi 15 popita ku ntchito ndi zinanso 15 pobwerera, masiku asanu pa sabata, kumakwanitsa muyeso wonse uja. Chimene chimamanga miyendo ya zengerezu ndi ulemu wake, popeza bwana akaoneka akuyenda wapansi pa msika anthu samuyamikira za umoyo ayi, koma amamufunsa monong'ona ngati geni yagwa.