Chiperoni ndi kabaza

June akafika, anyamata a kabaza ku Limbe amadziwa kudzisamala: majekete awiri, mpango m'khosi, masokosi m'manja, chipewa chaulusi mpaka m'makutu. Chisoti chokha ndiye chimapachikidwa pa handulo, kaya handuloyo ndi imene ili ndi ubongo.

Chiperoni chikatsika kuchokera ku Mozambique, nkhungu imaphimba msewu wa ku Thyolo, phula limaterera ngati therere, zala zozizidwa nazo zimachedwa kugwira buleki. Nyali? Ati kuyatsa masana n'kumaliza batire. Apo n'kuti atakweza anthu awiri ndi thumba la makala, poti kuthithikana kumafunditsa. Mukadandaula amakulimbitsani mtima kuti msewuwo amaudziwa bwino. Zoonadi amaudziwa. Koma wa lole akubwera kutsogoloyo sakudziwa n'komwe kuti mulipo.