Pagule Fumbi Ndiwe Mwini, Ngakhale Woyimba Ng'oma Akhale Sajeni

Akuluakulu adati pagule fumbi ndiwe mwini. Ng'oma ingalire motani, oyimba angasase mawu bwanji, palibe amene angakuvinire. Ukafuna kuti anthu akuwone, umalowa wekha m'bwalo n'kupalasa pansi ndi mapazi ako. Mwambiwu udabadwa kulibe jimu, kulibenso penshoni, koma ukumukwana bwino msilikali amene wavula yunifolomu n'kubwerera kwawo ku Nkando ndi maganizo oti azilimbitsa anthu matupi, iwo n'kumamulipira.

Tingomutchula kuti Sajeni, poti kumudzi udindo sutha ndi ntchito. Munthuyu adaphikidwa ku MAFCO ku Salima, kumene tulo ndi mphatso osati ufulu. Wakhalako ku Cobbe Barracks ku Zomba, ku Kamuzu Barracks ku Lilongwe, mwinanso ku Moyale ku Mzuzu. Kapena adali m'gulu la asilikali athu amene kuyambira 2013 ankatumizidwa kummawa kwa DRC pamodzi ndi anzawo a ku Tanzania ndi South Africa. Zaka zonsezo jombo zinali za boma, pogona pa boma, malipiro mwezi ukatha. Akakuwa kamodzi, anyamata ankagwa pansi osafunsa chifukwa. Ndiye akuti mumtima mwake: amene adawongola asilikali angalephere kuwongola anthu wamba?

Vuto loyamba akulipeza pamsika pomwepo, m'mbali mwa msewu wa Midima. Ku Nkando anthu ambiri adalimba kale popanda mphunzitsi. Wakabaza amapalasa atasenza matumba a nandolo, kasitomala atakhala pamwamba pake. Amayi amayenda mtunda wautali ndi mtolo wa nkhuni pamutu, mwana kumsana. Othyola tiyi amaweramira m'munda tsiku lonse dengu lili kumbuyo. Boma lomweli ndi kwawo kwa Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002, komanso mpikisano wa Porters Race, umene anthu amanyamukira ku Likhubula n'kukwera phiri chothamanga, pamene alendo amakwera akupumira pamwala uliwonse. Sajeni akamuuza mmodzi wa anthu otere kuti abwere mmamawa adzatuluke thukuta pamtengo wotsika, yankho limabwera mwaulemu ndithu: "Achimwene, ndiye kuti ine ndikulipireni kuti nditope? Kuganyu ndikatopa, wolipidwa ndimakhala ineyo."

Choncho makasitomala enieni ndi aja amene ndalama zidawakhazika pansi: mwini golosale amene sachoka kuseri kwa kauntala, wogula nandolo amene ntchito yake ndi kuyang'ana sikelo, aphunzitsi aakulu amene chigulireni njinga yamoto sadapondenso fumbi. Awa akuchipatala adawauza kuti BP yakwera, shuga ali pakhomo. Koma nawonso ali ndi nkhawa yawo. Chimimba kwathu kuno ndi chikalata chosonyeza kuti zinthu zikuyenda. Bwana akachepa thupi, mphekesera zimayamba dzuwa lisanalowe. Ena amati bizinesi yagwa, ena amanong'ona kuti akudwala, apongozi amayitanitsa mwana wawo kuti afotokoze ngati adasiya kuphika. Motero bwana amapempha Sajeni chinthu chovuta: BP itsike, koma mimba itsale kuti ulemu usachoke.

Vuto lachiwiri ndi lamulo. Kukampu wochedwa paperete amadumpha ngati chule mpaka miyendo kunjenjemera. Kuno wochedwa ndi amene akulipira. Sajeni amafika kukali mbuu pabwalo la sukulu, wayala zitsulo zake: zitini za penti zothira simenti, mpaipi pakati, ndi matayala akale a lole. Dzuwa limatulukira kuseri kwa phiri ali yekha. Kenako mauthenga amayamba kugwa mufoni. Uyu ali kumaliro. Uyu bondo. Uyu akuti usiku kudagwa mvula, ngakhale pansi pali gwa. Amene wabwera amachita mapuleshapu asanu, n'kukhala pansi kuyankha foni, ndipo pobwerera amakhotera pachiwaya kukabwezeretsa zimene wataya, ndi chiwongoladzanja chomwe.

Tsiku losaiwalika ndi lija kumabwera mnyamata wakusitolo, wamphamvu zake, n'kunena kuti: "Abwana atanganidwa, akuti ndiwachitireko ine lero." Mwambi uja umaluma pamenepa. M'dziko muno tidazolowera kutuma. Kumunda timalemba aganyu, pamzere wa feteleza timayimikapo mwana, ndalama ya chipepeso timatumiza pa Mpamba kapena Airtel Money. Koma mphindi 150 pasabata zimene bungwe la WHO limati munthu wamkulu azilimbitsa thupi sizitumizidwa pafoni. Mnyamata wakusitolo akathamanga mwezi wonse, amene adzakhale ndi mtima wathanzi ndi mnyamatayo, ndipo sitoloyo mwina adzayiyendetsa ndi iye abwana akadzagonekedwa m'chipatala.

Kodi Sajeni agonje, akafunsire ntchito yaulonda ku Limbe monga amachitira ena opuma usilikali? Asafulumire. Agogo ake adamusiyira njira. M'nthawi ya atsamunda, anthu ataona perete wa asilikali a KAR, sadatengeko chilango ndi kukalipa. Adatengako mizere, mayendedwe ndi zovala, n'kuwonjezera ng'oma. Lero tili ndi beni, malipenga ndi mganda, magule amene munthu amatuluka thukuta tsiku lathunthu popanda womuwopseza. Kuno kwa Alomwe kuli tchopa, amene UNESCO idamulemba m'kaundula wake mu 2014. Pitani kwa Chonde pamwambo wa Mulhako wa Alhomwe mukaone madoda aimvi akuzungulira bwalo, katundu ali kumsana, osadandaula bondo.

Sajeni wanzeru amasunga wezulo m'thumba n'kugula sipika. Amaphunzira kumwetulira, ntchito imene ku Salima sadayiphunzitsidwe. Amasiya kunena kuti "Iwe, dzuka!" n'kuyamba kunena kuti "Bwana, kamodzi kokha katsala," ngakhale patsala khumi. Amapita kukalankhula ndi amayi a banki mkhonde, poti iwo akapangana tsiku amabwera onse, ndipo wojomba amamulipiritsa chindapusa okha, mwankhanza zoposa za kukampu. Ili ndiye fumbi lake la Sajeni: kudzitsatsa yekha, kulemba mayina m'kope, ndi kulondola ngongole kwa anthu amene sangawatsekere m'chitokosi.

Chotsala ndi malipiro. Ku Nkando ndalama imabwera nandolo akagulitsidwa, ndipo miyezi inayo anthu amathokoza ndi zimene ali nazo. Uyu wabweretsa chinangwa, uyu nanazi, uyu nkhuku, mayi wina poto wa kalongonda ndi chigubu cha thobwa. Kukana n'kunyoza, ndipo msilikali sadaphunzire kusiya chakudya m'mbale. Pofika kumapeto kwa chaka, mwini golosale wabowola bowo latsopano palamba kuti buluku lisagwe, aphunzitsi aakulu ayambanso kupita kusukulu wapansi, koma malaya a Sajeni ayamba kukana mabatani. Amayi a banki mkhonde akuti akumana Lachisanu kuti akambirane chindapusa chake.