Chatsitsa dzaye pa Facebook

Makolo adati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Anthu amenewo analibe foni, koma ankadziwa kuti mlandu suyambira pa mnyanga wothyokawo. Ife timafikira kutola mnyanga, kuujambula, n'kuumwaza m'magulu onse a WhatsApp. Za dzaye palibe wofunsa.

Tangoyambitsani nkhani yoti zamoyo zidachita kusinthika, muone. Musanameze malovu wina walemba kale kuti: "Darwin wanuyo adalapa ali pafupi kufa." Mukafunsa komwe wazitenga, yankho ndi lakuti, "Kafufuzeni nokha." Chabwino, tafufuza. Darwin adamwalira mu 1882. Nkhani ya kulapayo idatuluka mu 1915 m'nyuzipepala ina yachipembedzo ku Boston, ndipo adaifotokoza ndi mayi wotchedwa Lady Hope. Ana a malemuyo, Francis ndi Henrietta, adaikana kwamtuwagalu. Zaka 33 maliro ataikidwa, mboni imodzi, eni maliro akukana. Pabwalo la anyakwawa mlandu wotere ukadatha nthawi ya nsima isanakwane.

Palinso chiganizo china cha m'buku lake la 1859, On the Origin of Species, pomwe akuvomera kuti zoti diso lidachita kusinthika zimamveka ngati zamisala. Anzathu amadula pomwepo n'kuyamba kuvina. Chonsecho mkuluyo ankangokonza pakhosi. M'mizere yotsatira akufotokoza momwe diso lingayambire pa kamtsempha kongomva kuwala, n'kumakula pang'onopang'ono. Koma ndani angawerenge mpaka kumeneko bandulo ikutha?

Inunso a mbali inayo musaseke, paja anyani sasekana zikundu (pa nkhani ino mwambiwu ndaugwiritsa ntchito mwaulemu, pasapezeke wokhumudwa). Mawu aja oti wopulumuka si wamphamvu koma wodziwa kusintha, omwe mumawapachika pansi pa ndevu za Darwin, si ake. Mwini wake ndi Leon Megginson, mphunzitsi wa zamalonda wa ku Louisiana, yemwe mu 1963 ankafotokoza maganizo a Darwin m'mawu akeake. Ndevu zokha si umboni.

Nkhani yokhala ndi dzaye lake imamveka chonchi: mu 1991, ku Uraha m'boma la Karonga, gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage lidapeza nsagwada ya munthu wakale, ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Idapatsidwa nambala UR 501, ndipo lipoti lake lidatuluka m'magazini ya Nature mu 1993. Wosakhutira ali ndi poyambira. Atha kutsutsa zakazo, atha kukwera basi ya ku Karonga kukafunsa kunyumba yosungirako zinthu zakale.

Tsono khulupirirani zomwe mufuna, mtima ndi wanu. Koma pobwera kudzatsutsana nafe, tiuzeni wolemba, buku, chaka ndi tsamba. Chithunzi chochokera m'foni ya alamu anu sitilandira.