Za Munthu Wodziwa Theka la Chilichonse

Mayeso olowera ntchito zapamwamba za boma m'dziko la India, amene amayendetsedwa ndi bungwe la Union Public Service Commission, ali ndi magawo atatu, ndipo gawo loyamba, lomwe olemba mayesowo amangolitchula kuti Prelims, ntchito yake ndi kupungula anthu kuti otsala ochepa akalembe mayeso aakulu ndi kukafunsidwa mafunso pamaso. Chaka chilichonse anthu pafupifupi 1 miliyoni amalembetsa, theka la iwo ndi limene limafika m'chipinda cholembera, pamene malo a ntchito amakhala pafupifupi 1,000 okha. Mlembi wa nkhani ino, yemwe pa kafukufukuyu ndi wofufuza komanso wofufuzidwa, ndi mmodzi mwa anthu odzipereka amene amathandiza kuti chiwerengero choyamba chija chisatsike.

Pepala loyamba la Prelims limatchedwa General Studies, kutanthauza maphunziro a zinthu zosiyanasiyana, ndipo limakhala ndi mafunso 100 oyenera kuyankhidwa m'maola awiri. Mitu yoyenera kuwerenga ndi yochepa moti imakwana patsamba limodzi: mbiri ya India ndi nkhondo yomenyera ufulu, malo ndi nyengo za dziko lapansi, malamulo oyendetsera dziko, chuma, zachilengedwe, sayansi, ndiponso nkhani zimene zikuchitika m'dzikomo ndi kunja. Kufupika kwa mndandandawu ndi kumene kumanyenga munthu, chifukwa akayamba kuwerenga amazindikira kuti pansi pa thambo palibe chinthu chimene sichingalowe m'mitu imeneyi, kuyambira mitundu ya achule a m'mapiri a Western Ghats mpaka chiwongoladzanja cha banki yaikulu ya dzikolo.

Kukonzekera kwenikweni kumayamba ndi kukonzekera kukonzekera. Pa siteji imeneyi munthu amasamukira ku Old Rajinder Nagar kapena ku Mukherjee Nagar mumzinda wa Delhi, madera amene adzaza ndi sukulu zophunzitsa mayesowa, n'kuchita lendi kachipinda komwe bedi ndi tebulo zimakanganirana malo. Kenako amagula mabuku a kusukulu a NCERT, buku lonenepa la M. Laxmikanth lotchedwa Indian Polity, ndi nyuzipepala ya The Hindu, ndipo akamva kuti wopambana wa chaka chatha ankawerenga buku lina, amagulanso limenelo, kuiwala kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Pakhoma la mlembi pali ndondomeko ya nthawi yoyambira 4 koloko m'mawa, yomwe imalembedwanso mwatsopano Lolemba lililonse ndi zolembera za mitundu itatu, ndipo m'buku la Laxmikanth iye wadutsitsa inki yachikasu pa mzere uliwonse wofunika, kotero kuti chinthu chokha chimene chatsala choonekera patsamba ndi nambala ya tsambalo.

Chipatso cha khama lotere ndi munthu wodziwa theka la chilichonse. Iye amadziwa kuti nkhondo ya ku Plassey inachitika mu 1757, kuti malamulo aakulu a India anayamba kugwira ntchito pa 26 January 1950 ali ndi ndime 395, ndiponso kuti nyanja ya Chilika ili ku Odisha, ndipo nzeru zimenezi amazigawa kwaulere pamalo ogulitsira tiyi, pomwe mwini malo amamutchula kuti "bwana Collector", udindo wa bwanamkubwa wa boma, makamaka pamene akumukumbutsa za ngongole ya mwezi watha.

Vuto ndi lakuti mayesowa anapangidwira kulanga munthu wotereyu. Yankho lolondola limapatsa malikisi awiri, lolakwika limachotsetsa gawo limodzi mwa magawo atatu a malikisiwo, ndipo popeza funso lililonse lili ndi mayankho anayi osankhapo, munthu wongolota amalondola kamodzi n'kulakwa katatu, zimene zikutanthauza kuti amatuluka monga mmene analowera, wosapindula komanso wosaluza. Wodziwa theka ndiye amaluza, chifukwa wofunsa amaika dzina limene iye akulikumbukira pambali pa chaka chimene sakuchikumbukira, ndipo mtima ukangoona mawu odziwika umalamula dzanja kudetsa kabwalo ka yankho ndi cholembera chakuda chosafufutika. M'mayeso a 2023 munachuluka mafunso opereka ziganizo zingapo n'kufunsa kuti zoona ndi zingati, chimodzi, ziwiri, zonse kapena palibe, ndipo njira yakale yochotsa mayankho okayikitsa mpaka kutsala limodzi, imene mlembi ankaidalira kuposa mabuku, inathera pomwepo. Palinso pepala lachiwiri lotchedwa CSAT, la masamu ndi kumvetsa zowerenga, lomwe limangofuna malikisi 33 pa 100 alionse, ndipo chifukwa choti aliyense amalipeputsa, limagwetsa anthu amene akudziwa mayina a mafumu onse a Mughal koma aiwala kugawa.

Mayesowa amalembedwa kawirikawiri kumapeto kwa May kapena mu June, dzuwa la ku Delhi lili pachimake, ndipo madzulo a tsiku lomwelo sukulu zophunzitsa zija zimatulutsa mayankho amene zikuwaganizira kuti ndi olondola. Popeza sukuluzo sizigwirizana pa mafunso ena, mlembi anapeza njira ya sayansi yowerengera malikisi ake, yomwe ndi kusankha pa funso lililonse sukulu imene ikugwirizana naye, ndipo mwa njira imeneyi iye amakhoza chaka ndi chaka mpaka tsiku limene bungwe lija latulutsa zotsatira.

Malamulo amalola munthu wa gulu wamba kuyesa maulendo 6 okha, kuyambira zaka 21 mpaka 32, pamene magulu ena amene anasalidwa kale amapatsidwa mwayi wochulukirapo. Malire amenewa ndi chifundo chachikulu cha boma, chifukwa popanda iwo anthu ena akanakalambira m'kachipinda kaja. Wofika pamalirewo sasowa chochita, pakuti chaka chilichonse ku Delhi kumabwera achinyamata atsopano ofuna wowalangiza za mabuku oyenera kugula, ndipo pa nkhani ya kugula mabuku mlembi sadziwa theka, amadziwa zonse.